Zithunzi za pakhoma: momwe ntchito ikuyendera, Meyi mpaka Novembala 2024

Meyi

Ndaganiza zoti ndizilemba momwe ntchitoyi ikuyendera chifukwa anthu amene akuponyapo kangachepe kogulira mapepala ndi mafulemu, makamaka abale a ku Katete ndi amayi anzanga a kutchalitchi, ayenera kudziwa kumene ndalama yawo ikupita. Ojambula anzanganso akhala akufunsa kumene ndimasowera Lolemba ndi Lachiwiri.

Chimene chimandidyetsa ndi maukwati, ma kitchen party, chilanga mulilo ndi ma graduation a ku yunivesite ya UNZA ndi ku koleji ya Evelyn Hone. Ndicho chimalipira lendi ya kachipinda kanga ku Kamwala kuno ku Lusaka. Ntchito imeneyi imandilowetsa m'nyumba zambiri, ndipo ndikamadikira mkwatibwi kuti amalize kuvala, maso amakhala ali pakhoma la pabalaza. Kaya ndi ku Chilenje, ku Matero kapena ku Mtendere, makoma ake amayenda mofanana. Pamwamba pali ambuya aamuna atavala jekete ndi tayi, chithunzi chopanda mitundu. Pambali pake ukwati wa m'ma 1970. M'munsi zithunzi zamitundu zimene zinayamba kufiira, ana ali mu yunifomu ya sukulu, wina atavala gauni ya ku koleji. Kenako basi. Cha m'ma 2010 khoma limasiya kukula. Zidzukulu zimene zikuthamanga m'nyumbamo, zimene zajambulidwa kuposa wina aliyense m'banjamo, pakhomapo palibe. Zili m'mafoni, ndipo ukafunsa za foniyo umamva kuti inabedwa m'minibasi, inagwera m'madzi, kapena inangozima osayakanso.

Ntchito imene ndadzipatsa ili pawiri. Choyamba ndikujambulanso zithunzi zakale za pakhoma ndi za m'maalubamu zisanathe ndi chinyezi, n'kulemba mayina a anthu amene alipo, malo ndi chaka, odziwa akadali moyo kuti andiuze. Chachiwiri ndikujambula banjalo monga lilili lero, kutsuka chithunzicho, kuchiika m'fulemu ndi kuchikoleka ndekha pakhomapo. Sindilipiritsa. Ndayambira pa mabanja ochokera kum'mawa, a ku Katete, Chadiza ndi Chipata, ndi a ku Malawi amene anakhazikika kuno kalekale, chifukwa amenewa ndikangotchula mfunda wanga ndi mudzi wa amayi, mpando umabwera wokha.

Ndikadakonda kuti zikatheka tionetse zithunzizi mu Okutobala, pamene Zambia ikukwanitsa zaka 60 chilandirireni ufulu pa 24 Okutobala 1964. Mwana wa akulu anga, amene anamaliza giredi 12 ndipo akungokhala, wavomera kumandinyamulira katundu.

Juni

Mwezi uno wathera pa kuphunzira kujambula pepala. Munthu atha kuganiza kuti chinthu chosayenda, chosaphethira, n'chosavuta kujambula. Ayi ndithu.

Vuto loyamba ndi galasi. Ukaima patsogolo pa fulemu, chimene chimatuluka ndi iwe mwini ndi kamera yako, ambuya aja akuoneka chapatali kumbuyo kwako. Njira imene yandigwirira ndi iyi. Timatsitsa fulemu pakhoma, kuigoneka pamphasa pakhonde pamene pali mthunzi, kamera n'kuikwezeka pa tripod itayang'ana pansi ndendende. Ndinagula nsalu yakuda n'kuiboola pakati. Mnyamata amaitambasula pamwamba, lenzi yokha ndiyo imasuzumira pabowopo, ndiye galasi limaona mdima wokhawokha. Kunyezimira kotsalako kumachoka ndi polariser, kagalasi kovekera kutsogolo kwa lenzi.

Vuto lachiwiri ndi loopsa. Zithunzi zambiri zinaikidwa m'fulemu pepala litagunda galasi, ndipo chinyezi cha zaka zambiri chinazimatiriza. Ukayesa kumatula, khungu la chithunzi limatsalira pagalasi, nkhope n'kupita nalo. Ndimauza eni nyumba kuti asayerekeze, ndipo inenso sindikhudza. Timapukuta galasi kunja kokha, n'kujambula choncho.

Mapepala a m'ma 1970 ambiri ndi okhakhala, ndipo kuwala kukachokera mbali imodzi kukhakhalako kumaoneka kuposa nkhope. Pamafunika kuwala kofanana uku ndi uku, ndiye mbali inayo timaimikako bolodi loyera. Zamitundu za m'maalubamu a m'ma 1980 zambiri zinafiira chifukwa pa mitundu itatu ya utoto imene ili m'pepala, wabuluu ndiwo unayamba kuthawa. Pakompyuta ndimatha kubwezako pang'ono, koma ndimasunga zonse ziwiri, chokonzedwa ndi chosakonzedwa. Zakale kwambiri zopanda mitundu zija ndizo zili bwino kuposa zonse, chifukwa chithunzi chake chinapangidwa ndi siliva osati utoto. Chithunzi cha 1962 chikuoneka chanyuwani pamene cha 1992 chikufa.

Kuseri kwa chithunzi ndimajambulako nthawi zonse, ngati kukufikika. Ndiko kuli chidindo cha situdiyo, deti, ndi mawu olembedwa ndi bolopeni. Chidindo cha Fine Art Studios ya m'tauni ndachipeza m'nyumba zingapo.  Zidindo zina ndi za masitudiyo amene anatsekedwa kalekale, ndipo dzina lawo latsala kuseri kwa mapepala amenewa basi. Ndayamba kulemba mayinawo patsamba lakelake.

Kukuzizira kwambiri m'mawa, koma thambo la Juni likamachita mitambo yopyapyala limapereka kuwala kofewa kumene ntchito ya pakhondeyi imafuna.

Julayi

Mbali yachiwiri ya ntchitoyi, ya zithunzi zatsopano, yasintha kwambiri mwezi uno, ndipo amene aisintha ndi ambuya aNabanda a ku Chilenje. Nyumba yawo siili patali ndi nambala 394 imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, ndipo iwo anafika m'dera limeneli ali mtsikana.

Ndinawajambula monga ndimajambulira akwatibwi. Ndinawakhazika pafupi ndi zenera, lenzi ya 85mm nditaitsegula kufika f/1.8, ndinawaseketsa, ndipo pamene amaseka ndinadina. Chithunzi chinatuluka chokongola, sindingabise: kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, maso akuwala, makwinya onse akuoneka, kumbuyo kuli mbuu. Ndinatsuka kakang'ono koyesera n'kupita nako.

Anavala magalasi, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Nkhope ndi yangadi, mwana wanga. Nanga nyumba yanga mwaisiya kuti?"

Ndinafotokoza kuti kumbuyo timakufufuta dala kuti maso a woona apite pa munthu.

"Kabati iyo ndinagula ndi ndalama ya vitumbuwa atate a ana atamwalira. Mbale zili m'menemo ndi za pa ukwati wanga. Inu mwazisandutsa utsi. Ndiponso miyendo mwandidula. Ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi chifukwa cha inu."

Za kuseka kuja anati munthu wamkulu sakhala pakhoma mano ali pamtunda, alendo akubwera kudzapepesa maliro n'kumamuona akuseka.

Usiku umenewo ndinatsegula zithunzi zonse zakale zimene ndakopera kuyambira Meyi, n'kuziyang'ana ndi mawu a ambuyawo m'makutu. Pafupifupi zonse munthu ali wathunthu, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Mkono wamanzere waikidwa poti wotchi ioneke. Wina wagwira wailesi, wina watsamira njinga, mayi wina chikwama chili pamiyendo. Kapeti ya pansi, maluwa a patebulo, katani ya kumbuyo, zonse zikuoneka bwinobwino. Palibe chofufutidwa. Anthu amenewa anachoka kumudzi kubwera ku Lusaka, tauni imene inali itangokhala likulu mu 1935 ndipo imakula ndi manja a obwera. Chithunzi chinali cha kwawo, choti makolo aone kuti mwana wawo ali moyo, akuvala, akugwira ntchito. Ukadula nsapato wadula uthenga. Ojambula a m'masitudiyo aja ankadziwa zimenezi, ndipo ankajambula zimene mwini chithunzi wabwerera.

Kujambula kwanga ine ndinakutola pa Instagram ndi pa YouTube, kwa ojambula maukwati a kunja. Kuno kunagwira msanga pa chifukwa china chimene sitinena poyera: kumbuyo kukafufutika, komboni imabisika. Akwatibwi ambiri amandipempha zimenezo, kuti khoma losapaka pulasitala ndi chimbudzi cha aneba zisaoneke, ndipo ndi ufulu wawo. Koma ambuya aNabanda alibe chobisa. Nyumba ija anaimenyera nkhondo.

Ndiye ndasintha zonse. Tsopano ndikugwiritsa lenzi ya 35mm pa f/8 kuti kumbuyo kusafufutike, kamera ili pa tripod, yotsika kufika pachifuwa cha munthu wokhala pansi kuti makoma asapendekeke. M'nyumba zathu muli mdima, mazenera ndi aang'ono ndipo ali ndi makatani awiriawiri, choncho shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, imakhala yotseguka nthawi yotalikirapo, 1/15 ya sekondi, nthawi zina 1/8. Munthu ayenera kukhala chete osagwedezeka. Chodabwitsa n'chakuti kukhala chete kumeneku kumabweretsa nkhope ija ya m'zithunzi zakale, yodekha, yoyang'ana kamera mosaopa. Kuwala ndimatenga pachitseko: timachitsegula chonse, munthu n'kukhala chammbali mwake, bolodi loyera mbali inayo. Fulashi ndikuipewa. Nyumba zambiri zilibe siling'i, ndipo malata akuda ndi utsi sabweza kuwala. Ukailunjika pankhope, chipumi chimanyezimira, kumbuyo n'kuda bii. Poyeza kuwala ndimayeza pa tsaya la munthuyo, zenera likayera mbee pachithunzi liyere.

Chinanso chimene ndasintha n'chakuti sindijambula tsiku limene ndafika. Tsiku loyamba ndi la zithunzi zakale ndi kucheza. Potsanzika ndimafunsa kuti, "Mukufuna chioneke n'chiyani?" Mayankho ake ndiwo akupanga zithunzi. Amayi ena anatulutsa makina awo osokera a Singer. Ena anavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi, Baibulo lili m'manja. Atate ena amene anapuma ku upolisi anapukuta mendulo ndi phulusa. Bambo wina wa ku Chawama analowetsa wilibala yake pabalaza, ataitsuka, chifukwa ndiyo yaphunzitsa ana ake anayi ndi katundu wa ku Soweto Market.

Ambuya aNabanda tinawajambulanso. Akhala pampando wawo, kabati ili kumanja, mbale zikuwerengeka, nsapato zikuoneka, zidzukulu ziwiri zaima kumbuyo. Chithunzi choyamba chija anati ndikapatse mwana wawo wa ku Kitwe, iye ndiye amakonda zotero.

Ogasiti

Ntchito yayenda pang'onopang'ono. Mphepo ya Ogasiti yadzaza fumbi paliponse, ndipo kusintha lenzi panja n'kuitana madontho pa sensa, kachipangizo kogwira chithunzi m'kati mwa kamera. Ndikusinthira m'galimoto kapena m'thumba la pulasitiki. Maukwatinso achuluka, Loweruka lililonse, ndipo sindingawakane chifukwa ndiwo akulipira mafulemu.

Chachikulu ndi magetsi. Chilala cha chaka chino, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale, chaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi athu ambiri amachokera ku madzi. Akumabwera pakati pa usiku n'kuchoka kusanache. Ndimagona switchi ya nyali ili yoyatsa kuti akabwera indidzutse, kenako mabatire onse pa chaja, laputopu, n'kuyamba kukonza zithunzi za ukwati mpaka atapita. Za pakhoma zimadikira.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita ku Kulamba, ku Mkaika, kumene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndinatumidwa ndi banja lina kukajambula ana awo. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kudutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Sinda. Gule wamkulu anatuluka wambiri. Chiyambire pamene UNESCO inauzindikira mu 2005 makamera amachuluka chaka ndi chaka, ndipo zimandipweteka kuona achinyamata akuthamangira kutsogolo kwa chilombo ndi foni. Ine ndimaima pamene akuluakulu andiuza kuti ndiime.

Koma chimene ndabwera nacho chenicheni n'china. Ambuya aNabanda anandituma kwa mng'ono wawo kumudzi wina kufupi ndi Katete. Nditawaonetsa zithunzi za ku Chilenje, analowa m'nyumba n'kutulutsa sutikesi yachitsulo. Pansi pa nsalu panali chithunzi chomwe chija chili pakhoma ku Chilenje, cha malemu amuna a aNabanda ali mnyamata, dzanja lili pa wailesi. Cha ku Chilenje n'chomata pagalasi, kuseri kwake sindinakuonepo. Ichi kuseri kunalembedwa: "Amayi, ndili bwino. Ntchito ndinaipeza. Musadere nkhawa."

Seputembala

Mwezi uno ndakhala ku Matero. Ndilembe za nyumba imodzi, ndi chilolezo cha eni ake.

Atate aMbewe anagwirako ntchito yophika ku Salisbury, Harare wa lero, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963, ndipo chithunzi chawo chakale kwambiri chili ndi chidindo cha kumeneko. Koma pakhoma pawo chimene chimakugwira ndi mzere wa m'munsi. Ana asanu, aliyense m'fulemu yake. Anandilozera mmodzimmodzi ndi ndodo. "Uyu 1994. Uyu 1996. Uyu 1999. Awa awiri alipo." Sanatchule matenda, inenso sindinafunse. Makoma ambiri amene ndaona ali ndi mzere wotere. A Kaunda ananena poyera mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi, koma mankhwala aulere otalikitsa moyo anafika m'zipatala za boma cha m'ma 2004 ndi 2005. Amene anadwala pakati pa zaka zimenezi ndi amene ali m'mafulemuwa, ndipo ambuya ndiwo analera ana awo.

Mu alubamu munali chithunzi cha mwana wachiwiri ataonda, atakhala pampando panja. Atate aMbewe anaika chikhatho pamwamba pake. "Ichi musatenge, amayi. Mutenge icho ali ndi mpira." Ndinatseka tsambalo.

Nditafunsa chimene akufuna chioneke, anati ana awo onse asanu. Tinachita chonchi: iwo pakati, ana awiri amoyo uku ndi uku, ndipo zidzukulu zitatu, tsopano anthu akuluakulu a ndevu ndi ana awo, aliyense atanyamula fulemu ya kholo lake pachifuwa. Magalasi atatu onse amabweza kuwala kwa pachitseko. Ndinapempha aliyense aweramitse fulemu pang'ono, chapamwamba chibwere kutsogolo, mpaka nkhope zonse zitaoneka. Mdzukulu wamkazi anayamba kulira tili pakati, ndipo tinadikira. Pa zithunzi zonse zimene ndajambula chiyambire ntchito ya kamera, ichi ndicho ndingaonetse munthu atandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji.

Nkhani ya chilolezo ndaikhwimitsa. Ndili ndi pepala lolembedwa m'Chinyanja limene ndimawerenga mokweza banja lonse likumva. Lili ndi magawo atatu: chithunzi cha m'nyumba mokha, choonetsa pachionetsero, choika pa intaneti. Munthu amasankha yekha n'kusaina kapena kudinda chala. Ambiri akuvomera ziwiri zoyambazo, chachitatu akukana, ndipo ndikuwamvetsa.

Pepalali layesedwa kale. Bungwe lina litaona zithunzi zochepa zimene ndinaika pa Facebook linandiimbira kuti likufuna kugula zingapo zoika mu lipoti la umphawi wa okalamba. Ndalama yake ikadagula mafulemu onse otsala, ndipo unga wakwera mtengo kwa ine ngati kwa wina aliyense. Ndakana. Anthu aja anatsuka wilibala, anapukuta mendulo, anavala nsapato za kutchalitchi. Palibe anachita zimenezo kuti pansi pa chithunzi chake palembedwe mawu akuti umphawi.

Okutobala

Kutsuka kwatenga theka la mwezi. Sikirini ya kompyuta imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, choncho nkhope imene ikuoneka bwino pa laputopu imatuluka yakuda papepala, makamaka ikakoleka pabalaza pa mdima. Ndatsitsa kuwala kwa sikirini, ndipo chithunzi chilichonse ndimayamba ndatsuka kachidutswa ka nkhope kokha, kupita nako m'chipinda cha mdima n'kukaona. Ndasankha pepala losanyezimira. Za m'nyumba ndi za 8x10, za chionetsero ndi A3. Fulemu iliyonse ili ndi katoni yodula pakati pa pepala ndi galasi kuti zisadzamatirirenso, ndipo kuseri ndalemba ndi pensulo mayina onse, malo ndi deti. Inki ya bolopeni imadutsa pepala pakapita zaka. Ndaziona ndi maso mu Juni.

Anzanga ankati ndikapemphe malo ku nyumba yoonetsera zaluso ya Henry Tayali ku Showgrounds kapena ku Lusaka National Museum. Mwina tsiku lina. Koma eni zithunzizi ambiri ndi okalamba, ndipo ndinkafuna malo oti afikeko wapansi kapena ndi basi imodzi. Tinapempha holo ya tchalitchi china ku Chilenje, Lamulungu pa 27, mapemphero atatha. Tinamanga zingwe kuchoka pazenera kufika pazenera, chakale ndi chatsopano cha banja lililonse moyandikana. Kunja kunali kotentha koopsa, magetsi kunalibe, tinangotsegula zitseko zonse.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti anthu adzabwera kudzagwira ntchito. Pansi pa zithunzi zambiri zakale ndinali nditalemba kuti "sakudziwika" pa anthu amene eni alubamu anawaiwala. Akuluakulu anayamba kuitanizana. "Bwerani muone, uyu si uja ankakonza njinga pa msika?" "Awa ndi aphunzitsi aja a kwaya." Mnyamata wanga anatenga kope n'kumalemba, ndipo pofika madzulo mayina ambiri osowa anali atapezeka. Mayi wina wa ku Kabwata anaima pa chithunzi cha ukwati wa banja limene salidziwa n'komwe, n'kuloza mnyamata woperekeza mkwati. Anali atate ake. Anamwalira iye ali wakhanda, ndipo chithunzi chokha chimene anali nacho chinali cha pa chitupa. Eni chithunzicho, banja la ku Matero, avomera kuti ndimutsukire chake.

Ojambula anzanga anabwera angapo. Mmodzi, amene ndimamulemekeza, anandiuza mosabisa kuti zatsopanozo zauma, anthu aima ngati akujambulitsa chithunzi cha pa reji, chitupa cha unzika, ndipo dzanja langa silikuonekamo. Za kuuma ndikuvomereza pa zina, makamaka za mabanja aakulu pamene ndinangowandandalika. Pamenepo ndiyenera kuphunzira kuika anthu motalikirana, ena pansi ena chilili, kuti diso liziyenda. Za dzanja langa sindikugwirizana naye. Lili pa kutalika kwa tripod, pa chitseko chimene ndatsegula ndi katani imene ndatseka, pa kudikira mpaka mapewa a munthu atatsika. Ndaonanso kuti zayamba kulowa m'maukwati: Loweruka lapitali ndinajambula mkwatibwi wathunthu pakhomo pa nyumba ya amayi ake ku Mtendere, mbaula ndi ndowa zikuoneka, ndipo pa zonse ndi chimenecho anasankha kukulitsa.

Novembala

Zithunzi zonse za chionetsero zabwerera kwa eni ake ndipo zakolekedwa, kupatula za mabanja awiri amene anapita kumudzi kukalima.

Tsopano tathamangira ku Kanyama mvula isanakhazikike. Kumeneko mwala uli pafupi ndi nthaka, madzi salowa pansi, ndipo chaka chilichonse amalowa m'nyumba. Zithunzi zake ndizo zowonongeka kuposa kwina konse: nkhungu, madontho achikasu, maalubamu omatana tsamba ndi tsamba. Pakadali pano tikungokopera zakale, zatsopano tidzajambula mvula ikatha. Mwana wa akulu anga wayamba kukopera yekha ndi kamera yanga yakale, ndipo dzanja lake pa polariser lakhazikika. Ine ndimakhala ndi kope n'kumafunsa mayina. Tikatero nyumba imodzi imatha m'mawa umodzi.

Zofunika panopa ndi izi. Mafulemu atha, ndipo kalipentala wa ku Kalingalinga amene amatipangira akufuna theka la ndalama asanadule matabwa. Hard drive yachiwiri yatsala pang'ono kudzaza. Ndimasunga imodzi ku Kamwala, ina kunyumba kwa akulu anga, ndipo sindikufuna kuti zonse zikhale malo amodzi ngakhale kwa sabata. Ndikufunanso kukalankhula ndi a National Archives of Zambia ndimve ngati angasunge makope a mabanja amene avomera, koma ndisanapite ndiyenera kubwerera kwa mabanjawo, chifukwa pepala lathu lachilolezo silinatchule zimenezo.

Amene muli ndi zithunzi m'nyumba zolowa madzi, zitsitseni pakhoma limene limanyowa, maalubamu muwachotse pansi pa bedi muwaike pamwamba pa wadiropu. Chimene chanyowa kale musachiyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Chigonekeni pansalu youma pamthunzi, nkhope ili m'mwamba. Sabata yamawa tili ku Kanyama Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo msewu ukalola tidzafikanso ku Chawama kwa bambo a wilibala aja, amene atipezera nyumba zina za aneba awo.